Gawo Lolembedwa Zotaya

Mawu a malemu Amayi anatsala pamalo amodzi okha padziko lonse lapansi: m'kompyuta yakale ya Bambo. Chaka chomwe Amayi ankadwala, Bambo ankawajambula mawu mobisa pa kafoni kawo, akuimba posita zovala, akulongolola kukhitchini, akuseka. Kafoniko kanagwera m'ndowa kalekale, koma mawuwo anali atasamutsidwira kale m'kompyuta. Chidwalireni sitiroko, Bambo satulutsanso mawu omveka, ndipo dzanja lamanja linafa. Chomwe chinawatsalira n'chakuti akadya masana, mng'ono wanga amawakankhira pa njinga yawo ya olumala kufika patebulo, iwo n'kudina ndi dzanja lamanzere, n'kumamvetsera mkazi wawo mpaka tulo titawaba.

Mng'ono wangayo, yemwe amakhala nawo, anandiimbira Lachisanu.

"Achemwali, kompyuta ija yafika poipa. Kuti iyake, munthu ukhoza kuchapa n'kuyanika. Dzulo Bambo anadikira mpaka misozi."

"Ndakhala ndikunena chiyani ine?" ndinatero. "Mwadzaza zinyalala mmenemo. Ndibwera mawa."

Ine sindine katswiri, koma ku ofesi kwathu makina akavuta onse amathamangira kwa ine, ndiye ndinkadziona ngati dolo. Komanso ndili ndi vuto limodzi, ndivomere: ndikaona zinthu zili mbwee, thupi limandinyerenyetsa mpaka nditazilongosola.

Ndinafika m'ma teni. Chipinda cha Bambo chikadali monga chinalili akugwira ntchito yawo yokonza mawotchi ndi mawailesi. Mashelefu mpaka kudenga, zitini zamkaka, mabotolo, timabokosi ta machesi, chilichonse chomatidwa kapepala kolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Fungo la fumbi ndi mafuta a makina. Ndinawapatsa moni, iwo anagwedeza mutu n'kundigwira chala, ndipo ndinakhala patebulo.

Nditatsegula poonera mmene disiki ya mkati inagawidwira, ndinagwira pakamwa. Disiki imodzi, Bambo anaiduladula magawo asanu ngati akugawa munda kwa ana. Gawo loyamba, lomwe limayendetsa kompyuta yonse, linali laling'ono, lodzaza thoo, mzere wake uli psuu. Moyandikana nalo munali gawo lalikulu lolembedwa ZOTAYA. Kenako NTCHITO, kenako ZOFUNIKA, n'kumalizira kena kopanda ndi dzina komwe.

"Taona," ndinamuitana mng'ono wanga. "Kompyuta ikubanika chifukwa chipinda chake n'chothina, pomwe chipinda chachikulu anapatsa zinyalala. Bambonso, aa!"

"Bola musakhudze za Amayi," anatero akupukuta manja pa diresi.

"Ukundiyesa mwana? Za Amayi ndiye ndiyambira."

Ndinayambiradi zomwezo. Pa sikirini panali foda yolembedwa MAYI, yomwe Bambo ankadina tsiku lililonse. Ndinalowetsa fulashi yanga n'kukopera foda yonseyo. Inakopeka m'kuphethira kwa diso. Mafayilo a mawu makumi anayi ndi mphambu sakopeka msanga chotero, koma ine ndinangoti fulashi yanga ndi yatsopano, imathamanga.

Kenako ndinalowa mu ZOFUNIKA. Munali zithunzi za mawailesi a eni, timabuku ta malangizo a makina amene anasiya kupangidwa ine ndisanabadwe, ndi masewera a makadi. Ndinapukusa mutu, koma popeza analemba okha kuti n'zofunika, ndinazisiya mwaulemu. Ndinasuzumira mu ZOTAYA. Mafoda ake anali "zowonongeka", "zowonongeka 2", "zosagwira", ndipo mkati mwake mafayilo opanda mayina, manambala okhaokha. Sindinatsegule ngakhale imodzi. Munthu walemba yekha kuti zotaya, ine ndivutikirenji?

Apa m'pamene Bambo anayamba phokoso kumbuyo kwanga.

"Aaa... aa... aaa!"

Ankamenya chogwirira cha njinga ndi dzanja lamanzere, maso ali pa sikirini.

"Bambo, dikirani pang'ono. Nthawi yanu sinakwane. Mumvera masana."

"Aaa! Nnn... nnn..."

Malovu anayamba kutsika pakona ya mlomo. Mtima wanga unatentha, chifukwa ndinali pakati pa ntchito yofuna mutu umodzi, ndipo phokoso lija linkandisokoneza.

"Iwe!" ndinakuwira mng'ono wanga. "Tawatulutsa akaothere dzuwa pakhonde. Ndimalize bwanji chonchi?"

Anawatulutsa. Akudutsa pakhomo, Bambo anagwira felemu ya chitseko ndi dzanja lawo lamoyolo, ndipo mng'ono wanga anachita kuwamasula chala chimodzichimodzi, akuwanyengerera ngati khanda. Ndinaziona ndi maso angawa, n'kutembenukira ku sikirini.

Ndinadina pofafaniza gawo la ZOTAYA. Kompyuta inandifunsa ngati ndatsimikiza. Ndinati eya. Ndinatenga malo onse aja n'kuwaphatikiza ku gawo loyamba, mzere wofiira uja n'kusanduka wobiriwira, malo ali mbee. Sindinalekere pomwepo. Ndinalola kompyuta kukoka zonse zatsopano zomwe inkalephera kulowetsa kwa zaka ziwiri, ndinasamutsiranso za mu NTCHITO ndi ZOFUNIKA m'malo atsopanowo, n'kusiya magawo awiri okha aukhondo. Nditaiyatsanso, inadzuka ngati mwana wamva belu la kusukulu. Ndinadziombera m'manja ndekha.

Bambo atadya, tinawabweretsa. Ndinawaikira mausi kudzanja lamanzere.

"Dinani muone, Bambo. Simudikiranso."

Sanadine. Anangondiyang'ana. Ndiye ndinadina ine, pa fayilo yoyamba mu foda ya MAYI. Panatuluka kabokosi konena kuti chinthu chomwe ndikufunacho sichikupezeka. Ndinadina yachiwiri, chimodzimodzi. Yachitatu. Ndinatulutsa fulashi m'chikwama n'kuilowetsa, ndipo m'menemonso zinali zomwezo. Ndipamene ndinaona kamuvi kakang'ono pakona ya fayilo iliyonse. Sanali mawu a Amayi amene ndinakopera. Tinali tizikwangwani chabe toloza kumene mawuwo ankakhala, ndipo tonse tinkaloza ku gawo lomwe ndinali nditangoligumula.

"Achemwali, chachitika n'chiyani?"

Bambo anakweza dzanja n'kuloza shelefu ya pamwamba. Mng'ono wanga anatsitsa chitini chomwe ankalozacho. Pa kapepala kake panalembedwa ZOTAYA. Anatsegula. Munali mphete ya Amayi, magalasi awo, wotchi yomwe Bambo anawapangira ndi manja awo, ndi timano tathu ta ubwana tokulungidwa m'kansalu.

Mayo ine. Ndinkadziwa. Chomwe chimandipweteka mpaka lero n'chakuti ndinkadziwa! Tinakulira m'nyumba imeneyi. Bambo, poopa makasitomala a manja ataliatali ndi ife ana osamva, ankalemba ZOFUNIKA pa zitini za mawaya othothoka kuti ofufuza azitaya nthawi mmenemo, ndipo chilichonse chamtengo wapatali ankachibisa m'chitini cha ZOTAYA. Ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu ndinakwapulidwa chifukwa chotaya chitini chotero kudzala. Koma ndinkaganiza kuti nzeru imeneyo inathera pa mashelefu. Sizinandifikire m'mutu kuti munthu yemweyo ndi amene anagawa disiki.

"Mwapha Amayi kachiwiri," anatero mng'ono wanga, motsitsa mawu.

"Tseka pakamwa!" ndinamukalipira. "Iwe unali kuti? Bwanji sunanene?"

"Bambo ananena. Inu munati ndiwatulutse."

Ndinazula mawaya, ndinakulunga bokosi lonse la kompyuta m'thaulo, n'kulinyamula ngati mwana wodwala mpaka kumsewu wa mashopu. Kuseri kwa shopu ya nsapato kuli mkulu wina wokonza makompyuta, wadazi, wosalankhulalankhula. Ndinamufotokozera zonse mosabisa, ndikupuma mwabefu.

"Mutafafaniza munazimitsa pomwepo?" anafunsa.

"Ayi."

"Munalembapo zina?"

"Ndinalowetsa zatsopano. Ndinasamutsiranso mafoda ena."

Anavula magalasi n'kutikita m'maso. "Mayi, kufafaniza kokha si imfa. Zinthu zimakhala zikadali pansi, kungoti chikwangwani chachotsedwa. Koma inu mwagumula nyumba n'kuthirapo simenti. Isiyeni, ndiyesa. Musayembekezere zambiri."

Masiku anayi amenewo sindinagwire ntchito yooneka. Mng'ono wanga ankati ikakwana nthawi ija, Bambo amaloza patebulo, iye amawakankhira pomwepo, ndipo amakhala akuyang'ana malo amakona anayi opanda fumbi pomwe pankakhala kompyuta. Chakudya ankangochigwiragwira. Ine ndinayesa kukumbukira mmene Amayi ankaimbira, ndipo ndinachita mantha kupeza kuti mawu a nyimbo ndikuwadziwa, koma liwu lawo lenilenilo silikubwera. Ndinali ndisanakhalepo pansi kumvetsera nawo ngakhale tsiku limodzi. Ndinkati ndidzamvera ndikadzapeza mpata.

Lachitatu masana mkulu uja anandiitana. Anandipatsa kompyuta ndi fulashi yanga, yomwe ndinamusiyiranso.

"Ndapeza mafayilo atatu. Awiri ndi mkokomo wokhawokha. Imodzi ikumveka, koma ndi masekondi khumi ndi awiri. Ndaisunga m'kompyuta ndi pa fulashiyi."

"Mwa makumi anayi ndi mphambu?"

"Pepani, mayi."

Sindinalimbe mtima kuimvera kushopuko. Ndinapita nayo kunyumba, ndinalumikiza mawaya ndi fulashi Bambo akundiyang'ana, mng'ono wanga ataima pakhomo manja ali m'khwapa. Ndinagwada pambali pa njinga yawo.

"Bambo, ndinalakwa. Ndinakutulutsani mukundiletsa. Chatsala ndi ichi chokha."

Ndinadina. Kunamveka kaphokoso ka nthunzi ya simbi, kulira kwa zitini zikugundana chapatali, kenako Amayi, liwu lawo lomwe lija, lakuthwa, lamoyo, ngati ali kuseri kwa chitseko:

"Iwe! Tasiya zitini za abambo ako! Wabwera kudzandiona ine kapena kudzasesa? Ukuganiza kuti sadziwa chomwe akuchita?"

Kenako kuseka kwa Bambo, kuseka kwathunthu kwa pakamwa powongoka, n'kuduka.

Tsikulo ndinalikumbuka. Ndinabwera kudzazonda Amayi, n'kuthera ola lathunthu ndikulongosola mashelefu.

Mng'ono wanga anatuluka akulira. Bambo anakoka mausi n'kudina okha. Anamveranso. Anadinanso kachitatu, kachinayi, ndipo ine ndinakhala chogwada pomwepo, Amayi akundikalipira mobwerezabwereza, ine osatha kuwayankha.

Atatopa, analoza fulashi. Ndinaizula n'kuwapatsa. Analoza tepi yomatira ndi cholembera, ndinawapatsanso. Ndi dzanja lamanzere, fulashi ataipanikiza pa ntchafu, analemba kwa nthawi yaitali, zilembo zokhotakhota ngati za mwana wa sitandade wani: ZOTAYA. Anaiponya m'chitini muja, pambali pa mphete.

Chivindikiro chinkawavuta kutseka ndi dzanja limodzi. Ndinatambasula dzanja kuti ndiwathandize. Bambo anakokera chitinicho pachifuwa pawo, kutali ndi ine, n'kupitiriza kulimbana nacho okha.