Mfundo Zitatu za Juzi ya Mkamwini

Mayi anali atagwada, akukolopa pansi pa tebulo, pamene mwana wawo wamkazi analowa maso ali psuu. Unali mwezi wachiwiri mwanayo chithamangitsidwireni ndi mwamuna wake.

"Amayi, bambo a mwana akukwatira Loweruka."

"Ponda pouma. Akukwatira ndani?"

"Mnzanga uja wa ku saluni. Akuti tiwatumizire juzi yawo, akavale kuphwando."

Mayi anafinya chikolopa mpaka zala kuwawa. Juziyo analuka okha, miyezi itatu yathunthu, nthawi imene mkamwiniyo ankawagwadira powapatsa moni. Inabwerera kuno kuti aikonze pachigongono, ndipo anali ataikonza kale.

"Mwina ndikapereke ndekha," anatero mwanayo. "Akandiona..."

"Akakuona atani? Akupatsa mpando wakutsogolo?"

Mayi anapukuta manja, nakatenga juziyo ndi lezala.

"Muing'amba?"

"Kung'amba n'kwa anthu opupuluma. Akaiona yobooka aitaya n'kugula ina. Ukaiviika m'madzi otentha ikhwinyata, adziwa asanatuluke m'nyumba. Ine ndikufuna aivale, adziyang'ane pagalasi, amwetulire."

Anaitembenuza kunja kukhala mkati. Woluka amadziwa pamene anabisa mfundo zake. Anapeza ya m'khwapa lamanja, anaidula, n'kulowetsa nsonga ya ulusi pakati pa unzake. Lamanzere chimodzimodzi. Ataitembenuzanso, juzi inali bwinobwino ngati ya m'sitolo.

"Popinda igwira, povala igwira. Koma galu ameneyo savina manja ali pansi. Akangokweza, ulusi uyamba ulendo. Mnzakoyo ndi wa saluni, sangaone kaulusi kakulendewera osakakoka. Amuvula yekha mwamuna wake pamaso pa anthu."

Mwanayo anafuna kuseka, koma kukamwa kunakana.

Mayi anamupatsa lezala. "Yatsala yapakhosi, imeneyo ndi yako. Adziwa kuti ndi ife, ndiye ukadula, khomo lake uliiwale. Ngati ukufunabe kukagogoda, bweza lezala, ziwirizi ndimanganso. Koma fulumira, madzi anga akuzizira."

Mwanayo anaigwira juziyo nthawi yaitali. Kafungo ka mwini wake kanali kasanathe. Kenako anapinda khosi la juziyo, nafufuza ndi chala.

"Ndi iyi?"

"Yapambali pakeyo."

Anadula.

"Ipinde bwino, uike m'pepala loyera," anatero mayi. "Asanene kuti kwathu kuno tilibe ulemu."

Anagwadanso, naviika chikolopa m'ndowa. Kuchokera patebulo mpaka pakhomo kunali kusanakolopedwe.

"Ndipo ndati ponda pouma."