Khomo la Satana

Tchalitchi cha Angilikani cha ku Aldersby chinamangidwa zaka mazana asanu ndi atatu zapitazo, ndipo masitepe ake amiyala anachita kudyeka ndi mapazi a anthu. Boma linachiika m'gulu la nyumba zakale zotetezedwa, moti ngakhale msomali sukhomedwa popanda chilolezo.

Nanga Maureen Tebbutt akanatani? Mwana wake Gemma ankakwatiwa Loweruka, ndipo mwamuna wake Clive ankafunitsitsa kumuperekeza mwanayo mpaka kuguwa. Koma Clive anafa miyendo, ankayendera chikuku. Pempho loti amange njira yodutsa chikukucho linangogona ku komiti.

"Musadandaule, amayi, anyamata anayi adzamunyamula," anatero a Pargeter, oyang'anira tchalitchicho.

"Wolowa muno atanyamulidwa ndi anthu ndi maliro," anayankha Clive. "Ine sindinafe."

Mawuwo anamulasa Maureen mumtima. Lachisanu anatulukira kutchalitchiko atanyamula nyundo ndi botolo la mafuta, n'kuzungulira kumbuyo. Kumeneko kunali kakhomo kolingana ndi nthaka, kopanda sitepe, kamene makolo ankatsekula paubatizo kuti Satana athawirepo. Mpiringidzo wake unali utagwidwa ndi dzimbiri.

Phokoso la nyundo linabweretsa a Pargeter ali wefuwefu.

"Mayi Tebbutt! Mwapenga? Khomo limenelo silinatsekulidwepo chibadwire agogo anga! Ndi la Satana!"

"Ndiye Satana ali ndi khomo lake m'nyumba ya Mulungu, Clive wanga alibe? Choka iwe, dzimbiri!" Anamenyanso mpiringidzowo ndi nyundo ija.

"Ndikakunenezani kwa bishopu."

"Pitani. Muwauzenso kuti ukwati ndi mawa, keke ilipo."

Mpiringidzo unagonja, chitseko chinalira kuti kwiii, fumbi ndi akangaude n'kumugwera m'mutu. Maureen anayetsemula, n'kuseka yekha.

Loweruka limba litayamba, Gemma anaima pakakhomo kaja atagwira dzanja la bambo ake, Maureen akukankha kumbuyo. Koma aa, khomolo linali lopapatiza! Chitsulo cha chikuku chinakhula mphuthu yamwala, n'kusiya mzere woyera pamwala wosemedwa bwinowo.

"Mwakanda mwala!" ananong'ona a Pargeter, manja ali kumutu.

"Mzerewo muulembe nawonso m'mbiri ya tchalitchi chanuchi," anatero Maureen, misozi ili chuchuchu, osacheuka n'komwe. "Alendo akamafunsa, muziwauza kuti apa panadutsa bambo wa mkwatibwi."