Pulogalamu Yopanda Mawindo

Dyness anali asanasudzulidwe. Mwamuna wake Ackson anamwalira fodya ali m'munda, ndipo akuchimuna anati mwambo udikire mabelo agulitsidwe ku okushoni. Kufikira tsikulo, mkazi wachitengwa ngati iye malire ake anali chigafa, mjigo ndi tchalitchi cha m'mudzimo. Ku Nsaru ayi. Ngakhale pamsika wa Kabudula, apongozi ake ankatuma wina.

Njira yotulukira inalipo imodzi. Akatekisiti a Elifasi anamubweretsera nyimbo za kwaya zolembedwa pamanja, zoti azitayipe chikondwerero cha parishi chisanafike. Mlembi wa kuofesi ya parishi anali atasamuka, ndipo Bambo Mfumu anati amene atayipe bwino nyimbozi ntchito ndi yake, pamodzi ndi kachipinda ka kuseri kwa ofesi. Dyness ankalota kachipindako kuposa ntchitoyo.

Ackson ankakonza mafoni ndi makompyuta ku Nsaru, ndipo anasiya laputopu yakale. Pulogalamu yaikulu yolembera anaichotsamo chifukwa makinawo ankaumira nayo. Anali atakopera makodi a ina yopepuka, yoti aimange yekha, koma matenda anamupeza asanayambe.

Dyness anaimbira Stewart, mnzake wa malemu amene ankagwira naye ntchito ku Nsaruko.

"Alamu, musaope," anatero Stewart pafoni. "Zili ngati kumanga nyumba njerwa zili kale pamalo. Inu muzingolemba zimene ndikukuuzani."

Analemba. Mizere yoyera inayamba kuthamanga pasikirini ngati nyerere zothiridwa madzi. Laputopu inatentha ntchafu, batire ya sola ikulira pakona. Apongozi anasuzumira pakhomo.

"Amake Chiyamiko, fodya akudzisankha yekha eti?"

"Ndikubwera, mayi."

Dzuwa litapendeka makinawo anamaliza osadandaula kanthu. Dyness anatsegula pulogalamuyo. Kunali bii. Panalibe mabatani, panalibe posungira kapena pofufutira monga anaphunzirira kukosi ya makompyuta asanakwatiwe. Anagwedeza mausi, osayankha. Anadina chilembo, mzere n'kudumpha, osalemba kanthu.

"Bwererani m'mwamba, kumene inkafufuza zimene zili m'makinamo," anatero Stewart, Dyness atamuimbiranso. "Pali mzere wonena za GTK. Kumapeto kwake alemba chiyani?"

"Akana."

"Ayayaya! Ndiye vuto limenelo. GTK ndi zida zimene zimajambula mawindo ndi mabatani. Ackson sanaziikemo. Pulogalamuyo ikazisowa sikwiya, imangomanga nyumba yopanda mawindo n'kukupatsani kiyi."

"Bwanji simunanene tisanayambe?"

"Ndinaiwala, alamu. Zidazo n'zolemera, netiweki ya kwanuko singakoke. Bwerani nayo kuno mawa, tizimangenso."

Dyness anayang'ana pakhomo. Apongozi anali atakhala pamkeka chopingasa, miyendo ili tambalale, akusenda mtedza.

"Sindingabwere."

"Ndiye nditumiza pafulashi."

Fulashiyo inabwera ndi wakabaza, amene anaima pakati pa mudzi n'kufuula kuti ali ndi katundu wa mayi amasiye wochokera kwa a Stewart. Anthu onse a m'chigafa anatukula mitu. Woyamba kufika panjinga anali Jailosi, mkulu wake wa Ackson.

"Kodi alamu, manda a mng'ono wanga sanaphwe n'komwe, amuna ayamba kale kutumiza mphatso?"

"Si mphatso, alamu. Ndi zida za mawindo."

"Mawindo! Mwamva anthuni? Akumanga kale nyumba ku Nsaru!"

Akazi a m'chigafa anaseka mpaka kugwirana mapewa. Dyness anafotokoza za mabatani ndi mausi, koma mawu ake omwe ankamveka ngati bodza losaphika.

"Lowetsani m'makinamo muone nokha," anatero.

"Ndione chiyani, zinthu zobisika? Tidzatsegula tsiku losudzula, pamaso pa ankhoswe." Jailosi anaponya fulashi m'thumba la malaya n'kumanga batani. "Ndipo laputopuyo musaizolowere. Ndi katundu wa malemu."

Chikondwerero chinali Lamlungu la sabata yotsatira. Mabelo anali asanadindidwe n'komwe.

M'mawa mwake Dyness anaimbanso foni ali kumjigo.

"Kodi chinthu chakudachi chimalemba?"

"Chimalemba, koma n'chankhanza. Chilichonse muyenera kuloweza pamtima."

"Nenani."

Stewart ananena batani loyambira kulemba, lotulukira, ndi mawu osungira. Dyness anazibwereza ali ndi ndowa pamutu mpaka kunyumba.

Ankatayipa masana, ena akapita kukadya, manja akunata ndi utomoni wa fodya. Tsiku loyamba nyimbo yolowera inafufutika yonse chifukwa chala chinatsetsereka. Anatukwana malemu ndi dzina lawo lenileni, kenako n'kuyambiranso. Zala zinkapitabe zokha ku mausi, mpaka anaizula n'kuiponya mu lichero. Chiyamiko ankalira kumsana, apongozi ankakhosomola pakhomo, iye maso ali mumdima uja, akusaka polakwika ndi timivi ta pakiyibodi, chilembo chimodzichimodzi.

Lachisanu a Elifasi anafika pa njinga yawo.

"Zatheka, amake Chiyamiko?"

"Zatheka, koma ndilibe potengera. Fulashi ili ndi alamu angawa. Mungonyamula laputopu yonse."

Jailosi anadzuka pamene ankasankhira fodya. "Imeneyo situluka pano."

"Muli nyimbo za Mulungu mmenemu, a Jailosi," anatero a Elifasi mofatsa. "Ndikawauze Bambo Mfumu kuti mwazitsekera inu?"

Jailosi anagwira thumba la malaya. Kupereka fulashi kunali kuvomera kuti ananamizira mlamu wake pagulu. Anayang'ana amayi ake, amayi ake n'kuyang'ana mtedza. Anakhalanso pansi.

A Elifasi anayang'ana pasikirini, nkhope n'kukwinyika. "Mwalemba mumdima chonchi? Koma zonse zilimo, ndi makolasi omwe." Anatsitsa mawu. "Ntchitoyo ndikakunenerani, musakayike. Koma kachipinda kaja sikangakhale kopanda munthu mpaka kalekale. Akusudzulani liti?"

"Afunseni eni ake."

Jailosi anali atatembenukira kukhoma, akuyeza tsamba ndi diso.

Dyness anakulunga laputopu m'chitenje chake chabwino n'kuimanga yekha pakaliyala, mfundo ziwiri zolimba.

"Mukasindikiza mudzere pa Nsaru," anatero mokweza kuti onse amve. "A Stewart akaikemo mawindo. Isabwerenso kuno, ikandidikire kuofesi."

Njinga inadutsa mjigo, inadutsa tchalitchi, n'kukhotera kumsewu waukulu.

"Amake Chiyamiko," anaitana apongozi, "fodya wofiira uja mwamusakaniza ndi wakuda."

Dyness analowa m'chigafa, nakhala pansi, n'kukokera mulu wa fodya pamiyendo pake.