Dizilo wa M'zigubu

Mwamuna wanga Abel atamwalira, mlamu wanga Bruce analanda nyumba yathu ya ku Shimabala n'kuigulitsa. Ine anandisiyira galimoto yakale ya malemuyo, ija yofuka utsi wakuda.

"Tengani chiskrapu chanu, ba Mainess," anatero, misozi isanaume n'komwe. Mawu amenewo ndinawasunga bwinobwino.

Nyumbayo anaisandutsa galimoto yatsopano yoyenda m'matope, ya injini yolamulidwa ndi kompyuta, yongonong'ona polira. Sizinamukwane. Analowereranso msewu wanga wa ku Chanyanya, kumene ndinkanyamula amayi ogula nsomba kupita nawo kumsika wa Kafue. Amayiwo anathamangira mipando yofewa, ine n'kumabwerera wopanda katundu, ana kunyumba akudikira. Sindibisa, munthuyo ndinamuda.

Lachisanu lina m'mawa ndinamupeza kudoko la nsomba ku Chanyanya akugula dizilo wa m'zigubu, wotchipa uja. Tonse a msewu uno timadziwa kuti mumakhala madzi ndi palafini. Injini ya Abel imameza zonsezo, kutsokomola kawiri n'kumapita. Koma Abel ankandiuza kuti mainjini atsopanowa ali ndi mimba ya mwana wa bwana: kadontho ka madzi, agona. Bruce wakulira mu ofesi, akanazidziwira kuti? Mawu amodzi okha akanamupulumutsa. Ndinamupatsa moni mwaulemu, n'kumugwirirako fanelo kuti asataye ngakhale pang'ono.

Masana ndinamupeza pakati pa dambo, boneti ili yasa, akuyang'ana mawaya ngati angamuyankhe. Dzuwa linali likuswa mtengo, ayezi akusungunuka, ntchentche zitafika kale pansomba. Amayi aja sanadikire kuitanidwa. Anasamutsira mabeseni awo m'galimoto yanga, ena akulephera kundiyang'ana kumaso.

Bruce anabwera pawindo, chipewa chili m'manja.

"Ba mulamu, nidonseniko chabe mpaka mu tauni. Natumila makaniki foni, akuti pampu na mainjekita vonse vafa."

Chingwe chokokera chinalipo, pansi pa mpando womwe ndinakhalira. Ndinaliza injini ya Abel, inatsokomola kawiri, utsi wakuda n'kumukuta.

"Ba Bruce," ndinatero, "mu motoka yanu muli nyumba yanga yonse. Chiskrapu sichingakwanise kudonsa."