Mzere Wachiwiri

"Amayi, imirirani mundithandize," anatero amuna anga, abusa, akumwetulira mpingo wonse.

Ndinaimirira nditabisa dzanja lamanzere mu mkono wa bulauzi. Linali lotupa. Dzulo lake amuna angawo analipotokola chifukwa ndinakaona achemwali anga osatsanzika, ndipo kuyambira pamenepo makiyi a geti ankayenda nawo m'thumba.

Kuphunzitsa kokha, ayi ndithu, Mulungu anawapatsa. Tsiku limenelo mu holo ya tchalitchi ankamasulira Salimo 55.

"Musamakokere masalimo kukhitchini kwanu," anatero, anthu n'kuseka. "Iyi ndi nyimbo ya Ayuda akale. Mzinda wawo unali ndi linga, zipata ankatseka dzuwa likalowa. Woimbayu sanaperekedwe ndi mdani ayi, koma ndi mnzake amene ankapita naye limodzi ku Kachisi. Ndiye alakatuli achiyuda chinthu ankachinena kawiri: mzere woyamba umagogoda, wachiwiri n'kutsegula. Ine ndiwerenga woyamba, amayi ayankha."

Iwo anawerenga za pakamwa posalala ngati batala, ine n'kuyankha za mtima wodzaza nkhondo. Anawerenga za mawu ofewa kuposa mafuta, ine n'kuyankha kuti ndi malupanga osololedwa. Abale inu, munthu wakalekale ameneyu anandionera pati?

"Abusa," ndinatero, poti kutchalitchi ndinkawaitana choncho, "woimbayu akulakalaka mapiko a nkhunda. Kodi anathawa?"

"Mwawamva amayi anu? Ayamba kundiposa!" Anthu anasekanso. "Sanathawe. Nyimbo ikutha iye akadali mkati mwa linga, akungodalira Mulungu."

"Ameni!" holo yonse inayankha.

Ndinachita mantha, koma mkwiyo unaposa. Pokhala pansi ndinakweza Baibulo mwadala, mkono wa bulauzi n'kutsetsereka mpaka pachigongono. Pambali panga panali mkazi wa mkulu wa mpingo, mayi amene anandilandira ndili mtsikana, amene ndinkamuyesa mayi wanga wondibala. Anaona zipsera za zala za amuna anga pamkono panga. Anaziyang'ana nthawi yaitali, ine ndikuti lero ndiye lero.

Kenako anatambasula dzanja, n'kutsitsa mkono wa bulauzi uja pang'onopang'ono, n'kundimangira batani.

"Kukuzizira, mwanangu," ananong'ona.

Kutsogolo abusa anati tiimirire titseke ndi pemphero. Popisa dzanja m'thumba, makiyi aja analira.