Diresi la Malemu Maria

Ine ndimabwereketsa madiresi a ukwati pa boma pa Mchinji, ndipo akwati ovuta ndawaona. Koma Luwiza wa ku Kapondo anandikhazika pamoto.

Ankakwatiwa ndi a Vitus, aja amayendetsa thiraki kudutsa pa boda, amene akazi awo, Maria, anamwalira. Anabwera ndi mwana wa malemuyo, Mwayi, kamtsikana ka sitandade faifi. Tikulowa kuseri kwa katani, Luwiza anandinong'oneza.

"Amayi, mwanayu sandilankhula. Ndamutenga dala kuti mwina tizolowerane. Akapanda kundilandira, ine m'nyumba imene ija sindikalowamo."

Apa ndinadziwa kuti pali vuto, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Abale atagawana katundu wa Maria, mchemwali wake anabweretsa diresi lake la ukwati kwa ine. Ndinalilandira, nanga nsalu yabwino ngati imeneyo n'kuisiyira njenjete? Tsikulo linali lopachika kumapeto, kuseri kwa anzake.

Ndinayamba kumuthamangitsa Luwiza ndi madiresi ena. Ili linamuthina pachifuwa. Ilo linamusandutsa thumba la mtedza. Lina lochokera ku Chipata ankaliponda. Akavala amatuluka, n'kuzungulira.

"Mwayi, ili bwanji?"

Mwanayo ankangokweza mapewa, maso ali pa mathiraki a mumsewu, miyendo ikugwedezeka pabenchi. Luwiza amabwerera kukatani, thukuta lili kamukamu. Ine ndinali yakaliyakali, kutulutsa ngakhale madiresi amene ndinawaiwala, mpaka singano inandibaya.

Ndikuyamwa chala choncho, ndinamva mahang'ala akugundana.

"Nanga ili mwalibisiranji?" anafunsa Luwiza.

"Limenelo ena anasungitsa kale," ndinanama, manyazi ndilibe.

"Ndingoyesako."

Mkwati ungamukanize kuyesa? Analivala. Abale inu, linamukhala ngati anamuyeza dzulo. Zinandinyansa, zinandimvetsanso chisoni. Ndisanatsegule pakamwa anali atakankha kale katani, akumwetulira koyamba chibwerere.

Miyendo ya Mwayi inasiya kugwedezeka. Anayang'ana mikanda ya pakhosi, kenako maluwa atatu a pachiuno.

"Ndi la amayi anga," anatero motsitsa. "Lili pa chithunzi pabalaza."

Luwiza anandiyang'ana. Ndinazolika. Ndikanatinso chiyani?

"Ndivuleni, amayi," anatero Luwiza. "Chonde ndivuleni msanga."

Anapinda mikono kumbuyo kufuna zipi, osaipeza. Ine ndinaigwira, koma zipiyo inaluma nsalu. Ndikakoka iye amapotoloka, akapotoloka imalumiratu. Ndinamukalipira kuti aime malo amodzi, chikhalirecho wolakwa ndinali ine.

"Pepa, Mwayi, sindimadziwa," ankangobwereza. "Sindikulanda za amayi ako. Pepa."

Mwanayo anatsika pabenchi. Ndinkati athawira kumsewu, moti ndinasiya zipi kuti ndimutsekereze pakhomo. Koma ayi, anabwera n'kuima pamaso pa Luwiza, manja ali kumbuyo ngati ali pa asembule.

"Anti, musavule kaye."

Luwiza anatsitsa mikono.

"Tembenukani. Pa chithunzi paja amayi anayang'ana kutsogolo. Kumbuyo kwake sindinakuonepo."

Luwiza anatembenuka pang'onopang'ono, n'kuyang'ana khoma. Mwayi anagwira timabatani tokongoletsa ta kumsana, kamodzikamodzi, kutsika mpaka m'chiuno. Kenako anagwada, n'kuyala mchira wa diresilo pansi, kuwongola makwinya ndi zikhato.

"Linali lalitali chonchi?"

"Eya, linali lalitali," anayankha Luwiza, misozi ikugwera pa mikanda. Sankatha kuipukuta poopa kusuntha.

"Yendani pang'ono ndione."

Shopu yanga ndi yaing'ono, munthu sayenda kutali. Luwiza anayenda mpaka pakhomo, mwana akumutsatira pambuyo atanyamula mchirawo kuti usade.