Ndodo ya Amalume Dixon pa Damu la Esiteti

Amalume Dixon anabwera ku Thyolo atatha zaka makumi atatu akupha nsomba ku Pebane, kunyanja yamchere ya ku Mozambique. Bwato anagulitsa akazi awo atamwalira. Kapitawo wa pa esiteti yathu anawapatsa mpaka Lachisanu: akavuula nsomba za makumba m'damu la esitetiyo zokwanira othyola tiyi onse, ntchito ndi nyumba n'zawo. Akalephera, azionera msewu. Ndinada nkhawa, poti kwina kopita analibe.

Lolemba lonse ukonde sanaukhudze. Anangozika ndodo m'mphepete mwa madzi n'kukhala pansi kumaiyang'ana ngati ikufuna kulankhula. Ine ndikuthyola tiyi kumtunda, maso ali pa iwo, mpaka dengu langa linachita manyazi pa sikelo.

Poweruka ndinatsetsereka.

"Amalume, mukudikira chiyani?"

"Madzi achoke, Marita. Kwathu kunyanja amachoka kawiri pa tsiku. Umazika ukonde akadzaza, akamabwerera nsomba zimatsala."

Ndinaseka mpaka misozi. Damu la tiyi lichoke lipite kuti? Koma iwo anandilozera ndodo ija. Pamwamba pa madzi ndodoyo inali yonyowa, kutalika ngati chikhatho: madzi anali atatsikadi.

Zinandisowetsa mtendere. Ndinafunsa uyu ndi uyu, mpaka Ellen wa ku nazale anandiuza kuti chilimwe chino injini imapopa madzi a m'damumo othirira mbande, ndipo Lachinayi imabangula tsiku lonse. Ndinakawauza amalume.

Lachinayi m'mamawa amalume anatchinga ndi ukonde pakamwa pa kadambo kosaya komwe makumba amadyera. Injini inayamba. Pofika masana kadamboko kanali thope lokhalokha, nsomba zikuphiriphitha poyera. Azimayi othyola tiyi anathamangirako ndi madengu awo. Kapitawo anayang'ana, anavula chipewa, n'kupereka kiyi wa nyumba kwa amalume.

Anthu atabalalika ndinawapeza amalume akadali pa ndodo yawo, kiyi ali m'manja, thalauza atapinda mpaka m'maondo.

"Tiyeni mukaone nyumba, amalume."

"Pang'ono. Nthawi yakwana, madzi abwera tsopano lino."

Mtima unandipweteka. Ndinawauza kuti kuno madzi akapita sabwerera mpaka mvula ya Disembala.

 Anazula ndodo ija, n'kuipukuta thope.

"Disembala," anatero. "Ndiye munthu amadziwa bwanji kuti tsiku latha?"